Za Nkhuni: Mtengo Woposa Unzace pa Mafuwa Ndi Uti?

Akristu okondedwa a kwa Kadewere ndi a midzi yonse yoyandikana nafe, mwezi wa June wafika ndi cisanu cace. Ciperoni cikatsika, ana aunjikana pa moto, ndipo amai ayang'ana kamulu ka nkhuni kuseri kwa nyumba, nawerenga masiku mumtima mwao. Pakuti ufa ungakhale wadzala m'dengu, ndiwo ziri pomwepo, popanda nkhuni palibe mmodzi adzadya. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kuceza nanu za cinthu cimene ambiri aciyesa cacabe, koma ndico cidyetsa banja tsiku ndi tsiku.

Mukakhala pa mjigo kapena pa njira yocokera ku Misa, mudzamva amai alikutsutsana. Wina ati bulugamu ndiye nkhuni zeni zeni. Wina ati iai, kesha aposa. Ndipo agogo apukusa mutu nati, inu ana simunaone moto, pakuti simunaphikire muwanga. Onsewa anena zoona, koma yense ayesa ndi muyeso wace. Tiyeni tsono tiyambe tagwirizana za muyeso, ndipo pambuyo pace tidzaika mitengo pa mlandu, umodzi umodzi.

Miyeso itatu ya nkhuni

Muyeso woyamba ndiwo kulemera. Anthu ophunzira za mitengo anapeza cinthu codabwitsa: mukatenga kilogalamu imodzi ya mtengo wouma, ngakhale wa mtundu wanji, moto wace ukhala pafupi fupi wofanana ndi wa kilogalamu ya mtengo wina. Kusiyana kuli apa, kuti mtengo wina ngwothinana m'kati, ndipo wina ngwa mphako zing'ono zing'ono zosaoneka ndi maso. Cotero zikuni ziwiri zolingana msinkhu, cina ca muwanga, cina ca malaina, siziri zolingana moto: ca muwanga cilemera ngati kawiri, ndipo moto wace uli ngati kawiri. Amene agula nkhuni pa mtolo, asayang'ane kukula kwa mtolo kokha, koma aunyamule, aumve m'manja.

Muyeso waciwiri ndiwo kuuma. Mtengo wongodula kumene, pafupi fupi theka la kulemera kwace ndi madzi. Mtengo wouma bwino utsala ndi madzi osaposa magawo 20 pa 100. Cifukwa cace kulemera kunganyenge munthu: mtolo wauwisi ulemera ndithu, koma mwasenza madzi pamutu.

Muyeso wacitatu makolo athu sanaulabadire, popeza nkhalango inali pa khomo pao. Koma kwa ife ndiwo waukuru koposa. Ndiwo uwu: mtengo umenewu ukadulidwa, udzabweranso liti? Ulipo mtengo wobwera caka comweco, ulipo wobwera patapita zaka zisanu, ndipo ulipo wina umene mdzukulu wanu yekha ndiye adzauona.

Mitengo ya makolo

Pa muyeso wa kulemera, mafumu a nkhuni ndiwo mitengo ya m'thengo lathu lakale. Muwanga ngwolimba kotero kuti nkhwangwa ibuntha, ndipo ciswe ciulephera. Uyaka pang'ono pang'ono, wopanda utsi wambiri, nusiya makala ofiira amene mukawakwirira ndi phulusa usiku, m'mawa mudzawapeza ali moyo. Tsanya, wa ku maiko otentha a ku cigwa ca Shire ndi ku Liwonde, alemera koposa muwanga, kotero kuti cikuni cace ca pakati cimira m'madzi. Mombo ndi tsamba, mitengo imene inaphimba mapiri a dziko lino, ipatsa moto wokhazikika ndi makala abwino; ndiponso makungwa ace anapatsa luzi lomangira mtolo womwewo. Mthethe, wa minga, wokonda m'mbali mwa madambo, nkhuni zace nzabwino ndithu, ndipo uposa anzace aja pa cinthu cimodzi, kuti ukula msanga.

Agogo sananame tsono. Koma tifunse: muwanga uli kuti lero kwa Kadewere? Mukafuna kuona mitengo ya makolo iri ciimire, mudzapita ku manda, kumene ulemu wa akufa waletsa nkhwangwa. Kwina konse kwatsala zitsa, ndipo pena zitsa zomwe anazikumba.

Nkhalango inatha bwanji? Siinathe tsiku limodzi. Pamene Abambo a Montfort, amene anafika ku Nzama m'caka ca 1901, anatsegula misyoni ya Nguludi m'caka ca 1903, anthu anali alikucuruka kale m'dziko lino. Abale athu Alomwe anali kulowa ambiri mbiri kucokera ku Mozambique. Minda ya Azungu, monga ija ya A. L. Bruce ku Magomero, inatenga malo akuru, ndipo anthu a m'midzi anapanikizana pa malo otsala. Fodya wofukiza ndi utsi anadya mitengo. Njerwa zomangira nyumba, masukulu ndi machalichi omwe zinadya mitengo. Pambuyo pace mizinda ya Limbe ndi Blantyre inakula, niyamba kuitanitsa nkhuni ndi makala. Pa kalembera wa caka ca 2018, boma la Chiradzulu linapezeka ndi anthu oposa 350,000, ndiko kunena anthu oposa 450 pa sikweya kilomita imodzi. Maboma a m'Malawi othinana cotere ngowerengeka. Ndipo pafupi fupi khomo liri lonse lisonkha moto kawiri kapena katatu pa tsiku.

Pa muyeso wacitatu, tsono, mafumu aja agwa pa mlandu. Muwanga ufuna zaka makumi angapo kuti ukule. Kuudula cifukwa ca mphika wa nyemba kuli ngati kupha ng'ombe ya mkaka cifukwa ca ndiwo za tsiku limodzi.

Mitengo yobwera

Bulugamu anacokera ku Australia. Ubwino wace ngwodziwika: akula msanga, woongoka, ndipo patapita zaka 5 kufikira 8 apatsa milimo ndi nkhuni. Mukamdula bwino, citsa cace ciphuka mphukira zambiri, ndipo mudzadulanso kawiri kapena katatu osabzala wina. Akauma, moto wace ngwaukali, ndipo wokhwima asiya makala ndithu. Koma ali ndi milandu itatu. Woyamba, amwa madzi ambiri, ndipo cimanga coyandikana naye cifooka. Waciwiri, mbande zace ciswe cizikonda. Wacitatu, wauwisi afuka utsi wowawa m'maso. Muwazeni akali wauwisi, pakuti akauma alimba nabvuta nkhwangwa. Koma musamsonkhe kufikira atauma. Malo ace ndi pa mtunda wa miyala posalimika, kutali ndi citsime, dimba ndi mtsinje.

Malaina anacokera ku India ndi maiko oyandikana nalo. Akula msanga, napatsa mthunzi ndi matabwa opepuka osabvuta kupala. Koma pa mafuwa ndiye wotsiriza mwa anzace: ngwopepuka, acedwa kuuma, ayaka msanga natha, nasiya phulusa lokha. Ndiponso pansi pace mbeu sizikondwa. Amene ali naye amsunge cifukwa ca zitseko ndi mipando, nasonkhe nthambi zokha.

Kesha alipo wa mitundu iwiri. Kesha wa milimo, wocokera ku maiko a kum'mawa kwa India, ngwolemera, ndipo moto wace ukhalitsa, ngakhale ali ndi kautsi. Kesha wa maluwa, wocokera ku America, apepukirapo, koma aphuka msanga koposa. Onse awiri ciswe siciwabvuta kwambiri, mbuzi siziwakonda kweni kweni, ndipo apirira nkhwangwa: mukadula, aphukanso. Mizu yao iyenda patali, cifukwa cace malo ao ndi m'malire a munda ndi kuzungulira khomo, osati pakati pa mizere. Tikaika miyeso itatu yonse pamodzi, ife tiyesa kuti mwa mitengo yobwera, kesha wa milimo ndiye bwenzi lokhulupirika la mai wa pa mudzi.

Paini wa ku phiri la Zomba, amene zidutswa zace zifika kuno ndi amalonda, ali ndi utomoni. Agwira moto msanga, nathetheka, nadetsa miphika ndi mwaye. Ngwabwino poyatsira, koma pa denga la udzu cenjerani ndi kuthetheka kwace.

Nkhuni za m'munda

Tsono tifike pa nkhuni zimene anthu azinyoza, koma ndizo zisunga mabanja ambiri kuno: mitengo ya nandolo, mapesi ndi zitsononkho.

Nandolo sitingamyerekeze ndi muwanga pa kulemera. Koma pa muyeso wacitatu palibe womposa. Mumbzala ndi cimanga mvula yoyamba, mudya ndiwo zace, mugulitsa wotsala, masamba ace agwa nakonza nthaka, mizu yace iika cakudya ca mbeu m'dothi, ndipo potsiriza mitengo yace ilowa pa mafuwa, zonsezi caka cimodzi. Mtundu uja wa Mthawajuni, wodziwika bwino kuno kum'mwera, uli ndi tsinde lonenepa, ndipo ambiri aukonda cifukwa ca nkhuni zace zomwe. Banja lodula nandolo mosamala, nilimanga mitolo, niliika pa nsanja, lingaphike miyezi ingapo osapita kutali.

Mnzace wa nandolo ndiye gilisidiya, mtengo wocokera ku America wa pakati. Ku Makoka, pafupi ndi Thondwe m'boma la Zomba, akatswiri a zaulimi anayamba kumbzala pakati pa cimanga kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, nayesa zaka zambiri, napeza kuti masamba ace, akakwiriridwa m'nthaka, acurukitsa cimanga. Mtengo umenewu audulira m'munsi kuti usachinge dzuwa, ndipo nthyole zace, zikauma, ndizo nkhuni zabwino ndithu. Uwu ndi mtengo wolola kukhala m'munda mwenimweni. Kwa ife a minda ing'ono ing'ono, cimeneci ncacikuru.

Mapesi ayaka ngati udzu, natha mphika usanawire, ndipo afuna munthu wokhala pomwepo kusonkhezera. Koma coipa cao cacikuru ndi ici: phesi lolowa pa moto labedwa ku munda, kumene likadaola ndi kudyetsa nthaka. Zitsononkho ziposa mapesi, pakuti zisiya timakala. Sitidzudzula mai wosonkha mapesi, popeza ticidziwa cimene camfikitsa pamenepo. Tingoti banja lofika pa mapesi lidziwe kuti nthawi yobzala mitengo yapitirira kale.

Zosayenera kusonkha

Iripo mitengo ya mtengo wapatali koposa moto. Mbawa ndi mlombwa ndiyo ya matabwa. Msuku ndi mango ndiyo ya zipatso. Msangu, umene uyoyola masamba m'dzinja ndi kulemeretsa nthaka, ndiwo fetereza wa mmphawi. Ticita cisoni poona mango akuru, obzalidwa ndi agogo, alikugwetsedwa cifukwa ca ng'anjo ya njerwa. Mtengo umene unadyetsa ana m'miyezi ya njala caka ndi caka, utha usiku umodzi. Phatani nthambi zouma, koma tsinde lisiyeni.

Ziriponso zina zoopsa. Nkhadze, ya mkaka woyera uja, musaisonkhe, pakuti utomoni wace ndi utsi wace zipweteka maso. Matabwa opaka utoto, mitengo yothira mankhwala a ciswe, mapepala a pulasitiki ndi mphira, zonsezi zitulutsa utsi wa ululu. Ndipo m'cisanu cino, musalowetse mbaula ya makala m'nyumba yotseka ndi kugona: makala atulutsa mpweya wopanda pfungo, wosaoneka, umene upha anthu ali m'tulo.

Za makala tinene mau amodzi. Pa ng'anjo za dothi zimene anthu aochera makala, kilogalamu imodzi ya makala idya makilogalamu a mtengo kuyambira 5 kufikira 10. Lamulo la za nkhalango la caka ca 1997, limene analikhwimitsa m'caka ca 2020, liletsa kuocha makala popanda cilolezo.

Nkhuni zaziwisi

Makolo anati, cikuni ca utsi koma kufumula. Iwo ananena za munthu wosokoneza mudzi, koma mau amenewa ngoona pa mafuwa pomwe. Mtengo wauwisi, ungakhale muwanga, uyamba wataya moto wace pouma wokha. Ulira, nutulutsa thobvu ku mapeto, nufuka. Cotero kesha wouma aposa muwanga wauwisi, ndipo nandolo wouma aposa bulugamu wodula dzulo. Banja losonkha zaziwisi litha mitengo yambiri pa nsima yomweyo.

Ndipo utsi suli cinthu cocepa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liwerenga kuti anthu pafupi fupi 3 miliyoni afa caka ndi caka ndi nthenda zocokera ku utsi wa m'nyumba. Woyamba kuupuma ndiye mai, ndi khanda liri kumbuyo kwace. Cifuwa cosatha, cibayo ca ana, maso ofiira a agogo: zambiri za izi ziyambira pa mafuwa. Ndipo tonse tidziwa zimene zinagwera amai okalamba ena m'midzi, amene anawanamizira ufiti cifukwa ca maso ofiira, pamene mlandu unali wa utsi.

Nkhuni youma muidziwa cotere: ipepuka, ing'ambika ku mapeto, khungwa lace lisendeka lokha, ndipo mukagunditsa ziwiri zilira mokweza, osati mogonthera. Dulani m'malimwe, waziranitu, ikani pa nsanja zisakhudze dothi, pansi pa khonde kapena kadenga, pamene mphepo ipita. Tinthyole tiuma pa milungu yowerengeka. Zikuni zazikuru zifuna miyezi. Nkhuni za January azikonza mu August.

Mphika uli wonse ndi nkhuni zace

Mai wanzeru sasonkha mtengo umodzi pa nchito zonse. Phala la ana a sukulu, tiyi, masamba ndi madzi osamba zifuna lawi lamsanga: apa ndi pa nandolo, zitsononkho ndi nthyole za gilisidiya. Nsima ifuna moto wolimba koma wa nthawi yocepa: apa ndi pa bulugamu wowaza. Nyemba, nandolo wouma, thobwa, ndi makamaka kalongonda, amene ayenera kuwira nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kuti ululu wace ucoke, zifuna cikuni colemera conyeka pang'ono pang'ono: apa ndi pa kesha wa milimo kapena mthethe. Cigumu ndi mbatata yoocha zifuna makala otsala. Kuika cikuni ca kesha pa tiyi ndiko kumwaza cuma. Kuphika kalongonda ndi mapesi ndiko kudzizunza. Nyemba mukaziviika m'madzi usiku, ndi kubvundikira mphika, mudzapulumutsa nkhuni zambiri.

Mafuwa atatu nao ali ndi mlandu, pakuti moto wambiri uthawira m'mbali. Mbaula ya dothi ija ya citetezo, imene inayambira ku Mulanje, ndipo aiumba amai a m'midzi, isunga moto pansi pa mphika, nicepetsa nkhuni ndi gawo limodzi la magawo atatu kapena kuposa. Ndipo ikonda tinkhuni ting'ono ting'ono, tomwe tija ta nandolo ndi gilisidiya.

Mau kwa abambo

Abambo, musati nkhani iyi nja akazi. Nkhuni zikasowa, mkazi wanu ndiye alawira mbanda kuca, nayenda mtunda wautali ndi mtolo pamutu. Mwana wanu wamkazi ndiye acedwa ku sukulu. Ndarama ya sopo ndi mcere ndiyo ipita kwa wogulitsa nkhuni. Ndipo nyemba zileka kuphikidwa pa khomo, ana nadya zosakwanira. Malo obzalapo mitengo, kukumba maenje, kuchinga mbuzi, ndi kumanga nsanja, zonsezi zifuna manja a onse awiri. Paja cikuni cimodzi sicipsetsa mphika.

Sitinaiwale March wa caka ca 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lino, ndi pa anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Mvula ija inali yoopsa kotero kuti ngakhale nkhalango siikadaletsa zonse. Koma phiri lobvulidwa ligwira madzi pang'ono, ndipo dothi lace licoka msanga. Mtolo uli wonse wocokera pa khomo panu ndiwo mtengo umodzi wotsala pa phiri.

Tsono ticite ciani?

Mlandu uja wa pa mjigo tiuweruza cotere. Pa moto wokha, muwanga ndi tsanya apambana, koma sali athu kuwatha. Pa kukula msanga, bulugamu apambana, koma pa malo ace okha. Malaina ngwa mmisiri wa matabwa. Koma nkhuni zopambana zonse kwa banja la kwa Kadewere ndizo zimene mwabzala nokha, zophukanso mukadula, ndi zouma bwino: kesha m'malire, gilisidiya ndi nandolo m'munda, mthethe m'mbali mwa dambo. Ndipo pa ngodya ina ya khomo okani mbawa kapena muwanga umodzi, umene simudzaudula inu.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 December kufikira pa 15 April, koma mbande zifuna kufesedwa kukali miyezi itatu kapena inai. Mbeu za kesha zipezeka pa mitengo ya m'midzi mwathu momwe. Mphakati uli wonse ungathe kukonza nazale yace pafupi ndi madzi, ndi kufunsa mlangizi wa za nkhalango kapena wa zaulimi. Ndipo pogawa mbande, muyambe ndi amasiye, okalamba ndi odwala, ndi kuwabzalira.

Buku la Genesis litiphunzitsa kuti Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga; ndipo Papa Fransisko, m'kalata yace ya Laudato Si' ya caka ca 2015, anatikumbutsa kuti dziko likaonongeka, oyamba kulira ndiwo amphawi. Kumbukiraninso mkazi wamasiye uja wa ku Zarefati: mneneri Eliya anampeza alikutola tinkhuni, kuti aphikire mwana wace ufa wotsiriza, ndipo Mulungu sanamnyoze pa nchito yonyozeka ija. Amai otere alipo m'midzi mwathu lero lino. Mulungu amene anasunga ufa wa mai uja watipatsa ife nthaka, mvula, mbeu ndi manja.

Yosefe Woyera, mmisiri wa matabwa, amene anadziwa mtengo uli wonse ndi nchito yace, apempherere mabanja athu, kuti pa khomo liri lonse moto usazime, ndi ana athu adzapeze mthunzi.